Mphindi ziwiri pamaso pa aphunzitsi: momwe sukulu za zisudzo zimasulira akatswiri

Mumzinda wa London, mumsewu wa Gower Street, muli sukulu yotchedwa Royal Academy of Dramatic Art, yomwe ambiri amangoidula kuti RADA. Adaikhazikitsa mu 1904 ndi katswiri wa zisudzo Herbert Beerbohm Tree, ndipo ena mwa amene adaphunzira kumeneko ndi Anthony Hopkins, Alan Rickman, Sophie Okonedo ndi Cynthia Erivo. Chaka ndi chaka achinyamata masauzande amafunsira malo pa maphunziro ake a zaka zitatu, chonsecho malo alipo 28 okha. Wofuna kulowa salemba mayeso a papepala. Amaimirira yekhayekha, wopanda zovala za sewero, wopanda magetsi a pasiteji, wopanda mnzake womuyankha, n'kuyankhula kwa mphindi ngati ziwiri atasanduka munthu wina.

Chigawo chotere, pomwe mtengambali mmodzi amayankhula kwa kanthawi ndithu popanda womudula pakamwa, a zisudzo amachitcha monologue. Ndi chimene chimamulowetsa munthu pasukulu, ndipo akalowa amakhala nacho mpaka tsiku lotuluka. Sukulu zimachikonda chifukwa sichifuna ndalama, sichifuna gulu, komanso sichibisa kanthu. M'mphindi ziwiri mphunzitsi wozolowera amakhala atamva momwe munthuyo amapumira, ataona chomwe manja ake amachita akasowa chogwira, ndiponso atadziwa ngati mawu akutulukawo akuwamvetsa kapena wangowaloweza.

Ku RADA ofunsira malo amakonzekera zigawo ziwiri zosiyana: china cha m'masewero a William Shakespeare kapena alembi anzake a nthawi imeneyo, china cha m'sewero lamakono. Amene apambana ulendo woyamba amaitanidwanso, ndipo amauzidwa kuti aimbe nyimbo popanda zoimbira. Otsala pamapeto amakhala tsiku lonse akugwira ntchito ndi aphunzitsi. Ku New York, sukulu ya Juilliard, yomwe idatsegula nthambi ya zisudzo mu 1968, imatenga ophunzira pafupifupi 18 pachaka, ndipo imafuna kuti munthu abwere atakonzeka ndi zigawo zinayi.

Ambiri amagwa asanatsegule n'komwe pakamwa, pa kasankhidwe. Mnyamata wa zaka 19 akasankha mawu a mfumu yokalamba, mphamvu zake zonse zimathera pa kunjenjemeretsa mawu ndi kupinda msana, ndipo aphunzitsi amangoona munthu akutsanzira nkhalamba. N'chifukwa chake malangizo a sukulu zambiri amafanana: sankhani mtengambali wa msinkhu woyandikira wanu, werengani sewero lonse osati kachigawo kokhako, yankhulani m'kayankhulidwe kanu ka masiku onse, ndipo musakopere momwe katswiri wina adachitira mufilimu.

Ukuyankhula ndi ndani?

Chimene chimachitika m'kalasi chimaoneka bwino tikatsata chigawo chimodzi chomwe atsikana ambiri amakonda kusankha. Chimachokera m'sewero la Lorraine Hansberry lotchedwa A Raisin in the Sun, lomwe lidaonetsedwa koyamba mu 1959 ndipo lidali loyamba lolembedwa ndi mayi wachikuda kufika m'mabwalo akuluakulu a zisudzo a Broadway ku New York. Banja la a Younger, losauka, la mumzinda wa Chicago, lalandira madola 10,000 a inshuwalansi bambo atamwalira. Mayi apatula madola 3,500 kuti alipireko nyumba, otsalawo apereka kwa mwana wawo wamwamuna, Walter Lee, n'kumuuza kuti madola 3,000 akasunge kubanki kuti akhale fizi ya mlongo wake Beneatha, amene akufuna kukhala dokotala. Walter atenga ndalama zonse n'kupatsa mnzake woti atsegule naye malo ogulitsira mowa, mnzakeyo n'kuthawa nazo.

Zitangochitika izi pafika Joseph Asagai, mnyamata wa ku Nigeria amene akuphunzira ku America ndipo amamufuna Beneatha. Mtsikanayo ayamba kumufotokozera chimene chidamuchititsa kulakalaka udokotala. Ali mwana, nyengo yozizira, ana ankasewera motsetsereka pa masitepe okutidwa ndi madzi oundana. Tsiku lina mnyamata wina dzina lake Rufus adatsetsereka mwamphamvu, n'kumenyetsa nkhope pansi mpaka kung'ambika. Beneatha adaganiza kuti kwake kwatha. Koma atabwera kuchipatala, pankhope pa Rufus padangotsala kamzere. Kuyambira pamenepo adafuna kukhala munthu wochiritsa anzake. Tsopano, akutero Beneatha, zonsezo sizikumukhudzanso.

Tiyerekeze wophunzira wa chaka choyamba waimirira kutsogolo ndi chigawo chimenechi, anzake atakhala pansi motsamira khoma, mphunzitsi ali pampando ndi kope lake. Wadziwa kuti nkhaniyi ndi yachisoni, ndiye wayamba ndi mawu achisoni kuchokera pa chiganizo choyamba. Maso ali pansi. Pofika pa Rufus misozi yalengeza. Wamaliza, anzake ena akupukuta m'maso, iye akudikira kuyamikiridwa.

Mphunzitsi sanena kuti zinali bwino kapena zinali zoipa. Amafunsa.

“Ukuyankhula ndi ndani?”

Wophunzira ayankha kuti ndi Asagai.

“Ali pati? Waima kapena wakhala? Akukumvetsera?”

Apa mtsikanayo akhala chete, chifukwa sadaganizepo zoti Asagai ali malo enaake m'chipindamo.

“Nanga ukufuna akuchitire chiyani?”

Yankho lomwe ophunzira atsopano amapereka kawirikawiri n'loti akufuna kuonetsa kuti Beneatha wakhumudwa. Mphunzitsi amalikana yankho limeneli. Beneatha sadakhale pansi kuti aonetse munthu kukhumudwa. Asagai wabwera ndi nkhope yowala, wodzaza ndi chiyembekezo, akuyankhula ngati dziko likadali bwino. Mtsikanayo akufuna amutseke pakamwa, akufuna Asagai avomereze kuti kutaya mtima nkoyenera. Chimenecho ndi chinthu chomwe wosewera angathe kuchilimbira, n'kuona ngati chikutheka kapena ayi.

Kenaka mphunzitsi aitana mnyamata mmodzi m'kalasimo, amukhazika pansi ndi katoni, namuuza kuti azilongedza mabuku akumwetulira ndipo asatukule mutu pokhapokha mtsikanayo atamukakamizadi kutero. Ulendo wachiwiri zinthu zimasintha popanda wina kunena kuti kweza mawu kapena leka kulira. Maso a mtsikanayo achoka pansi chifukwa ali ndi munthu woti amuyang'ane. Pena athamanga, pena aima kuti aone ngati mawu alowa. Nkhani ya Rufus aifotokoza mosangalala, popeza ndi chinthu chokongola kuposa zonse zomwe Beneatha amakumbukira, ndipo chisoni chimabwera chokha pamene wazindikira kuti chokongolacho amulanda. Akatha, mphunzitsi amachotsa mnyamata uja ndi katoni yake, n'kuuza mtsikanayo kuti abwereze kachitatu, pamalo pomwe padali Asagai pali mbee, koma iye azimuonabe.

Phunziro lalikulu la monologue lagona pamenepa: ngakhale akuyankhula ndi mmodzi, nkhaniyo ndi ya anthu awiri. Aliyense amene adakhalapo m'minibasi pafupi ndi munthu amene akukangana ndi mnzake pafoni amadziwa zimenezi. Timamva mbali imodzi yokha, koma momwe akuimira, momwe akukwezera mawu mwadzidzidzi ndi momwe akubwerezera chiganizo, timachita kumuona wa kutsidya linalo.

Kumene mafunsowa adachokera

Mafunso a mphunzitsi uja ali ndi mwini wake. Konstantin Stanislavski, amene adabadwa mu 1863 n'kumwalira mu 1938, adakhazikitsa Moscow Art Theatre mu 1898 pamodzi ndi Vladimir Nemirovich-Danchenko. Ankanyansidwa ndi kaseweredwe ka nthawi yake, kongokuwa ndi kutambasula manja, ndipo adatha zaka zambiri akufufuza njira yoti wosewera azikhala wamoyo pasiteji usiku uliwonse, osadikira tsiku lamwayi. Buku lake An Actor Prepares, lomwe lidatuluka m'Chingerezi mu 1936, adalilemba ngati zolemba za tsiku ndi tsiku za wophunzira wina wopeka, ndipo limayamba ndendende ndi nkhani yathuyi: ophunzira atsopano auzidwa kuti aonetse zomwe angathe, wophunzirayo asankha kukhala Othello wa m'sewero la Shakespeare, achita mokokomeza, kenaka mphunzitsi amuonetsa kuti pa zonse zomwe adachita, kamphindi kochepa kokha ndiko kadali koona.

Stanislavski ankaphunzitsa kuti wosewera asathamangire kumva chisoni kapena mkwiyo, chifukwa zimenezo siziitanidwa. Ayambe wadziwa zonse zomwe mlembi wapereka zokhudza mtengambali, adziwe chomwe mtengambaliyo akufuna, ndiye adzifunse kuti akadakhala iye m'zimenezo akadatani. Uta Hagen, amene adaphunzitsa zaka zambiri ku HB Studio ku New York, adaika maganizo ofananawo m'mafunso asanu ndi anayi m'buku lake Respect for Acting la mu 1973. Mafunsowo amakhudza yemwe munthuyo ali, malo, nthawi, ubale wake ndi ena, chomwe akufuna, chomwe chikumutchinga ndi chomwe akuchita kuti achipeze.

Ku Britain kudafala njira ina yothandiza pa vuto lomwelo. Wophunzira amatenga pensulo, n'kulemba mneni mmodzi pambali pa chiganizo chilichonse, mneni wonena chomwe akumuchita mnzakeyo: apa ndikumunyengerera, apa ndikumuputa, apa ndikumuchititsa manyazi, apa ndikumutonthoza. Mawu ngati “ndakwiya” saloledwa, chifukwa sachita kanthu kwa wina aliyense. Pepala la wophunzira wakhama limakhala lakuda ndi pensulo, ndipo akaimirira chigawo chomwe chikadakhala cha liwu limodzi kuyambira poyamba mpaka pamapeto chimakhala ndi makhwawa ndi zitunda.

Mpweya, lilime ndi Shakespeare

Chigawo cha Shakespeare chili ndi mavuto akeake. Chingerezi chake ndi cha zaka zoposa 400 zapitazo, ndipo mbali yaikulu idalembedwa mwandakatulo, mzere uliwonse wa maphatikizo 10, ofooka ndi amphamvu mosinthana. Ganizo limodzi likhoza kuyenda mizere isanu kapena isanu ndi umodzi lisanafike pa mpumiro. Wophunzira amene amapumira pachifuwa mpweya umamuthera pakati, ndipo mawu ofunika kwambiri, omwe nthawi zambiri amakhala kumapeto kwa mzere, amamezedwa.

Anyamata ambiri amasankha Edmund wa m'sewero la King Lear. Edmund ndi mwana wapathengo wa bwana wina wotchedwa Gloucester, ndipo akulowa yekha pasiteji atanyamula kalata yabodza yomwe walemba kuti adanitse bambo ake ndi mkulu wake Edgar, mwana wa m'banja. Akufunsa chifukwa chomwe mwambo umamumana chuma pomwe thupi lake ndi nzeru zake sizichepa kwa wina aliyense. Pano palibe Asagai woti ayankhule naye, ndiye mnzake wa nkhani ndi oonera. Cholakwa chofala n'chakuti wophunzira wawerenga sewero lonse, wadziwa kuti Edmund ndi munthu woipa, ndiye akumusewera ndi maso ofiira ndi kuseka kwa chiwembu. Ndemanga yomwe amalandira ndi yakuti palibe munthu amadzuka m'mawa n'kudziona ngati woipa. Edmund akudziona ngati wolakwiridwa, ndipo ntchito yake m'mphindi ziwirizo ndi kukopa oonera kuti akhale mbali yake. Akawakopa mpaka ena n'kugwedeza mutu movomereza, ndiye kuti sewero layamba kuopsa.

Cicely Berry, amene adatsogolera ntchito yophunzitsa mawu ku Royal Shakespeare Company kuyambira mu 1969, adasiya njira zomwe aphunzitsi akugwiritsabe ntchito. Imodzi ndi yoti wophunzira aziyenda m'chipinda akuyankhula chigawo chake, ndipo akafika pa chizindikiro chilichonse cha m'kalembedwe, mpumiro kapena mpatuliro, atembenuke n'kulowera kwina. Ngati mtengambali ali ndi maganizo osokonezeka, wophunzira amapezeka akutembenuka pafupipafupi mpaka chizungulire. Ngati mtengambali watsimikiza mtima, amayenda mtunda wautali mosakhota. Miyendo imamuuza zomwe mphunzitsi akadatha ola lonse akufotokoza.

Aphunzitsi a mawu amamvetseranso katchulidwe, ndipo khutu la eni chiyankhulo silinamizika. Chiwetel Ejiofor adaphunzirako ku LAMDA, sukulu ina ya ku London yomwe idayamba mu 1861, ngakhale adachokako asanamalize Steven Spielberg atamutenga kukasewera mufilimu ya Amistad ya mu 1997. Patapita zaka adabwera ku Malawi kudzajambula The Boy Who Harnessed the Wind, yomwe idatuluka mu 2019, ndipo adaphunzira Chichewa kuti asewere ngati a Trywell, bambo ake a William Kamkwamba. Oonera akunja adatengeka ndi nkhope ndi maso ake. Amalawi ambiri adayamikira khamalo, koma sadalephere kuperekapo ndemanga pa momwe Chichewacho chinkamvekera.

Luso lolandira ndemanga

Pa mayeso olowera pali kanthu kena komwe ofunsira malo ambiri samakayembekezera. Munthu akamaliza chigawo chomwe wakhala akuyeserera miyezi, mmodzi wa oyesa akhoza kumuuza kuti abwereze monong'ona ngati m'chipinda chinacho mwagona mwana, kapena akusanja mipando, kapena ngati nkhani yonseyo ndi yoseketsa. Nthawi zina zomwe wauzidwazo sizigwirizana n'komwe ndi sewerolo. Oyesawo akudziwa. Akufuna aone ngati munthuyo angathe kusiya zomwe adakonza n'kuyesa zatsopano ndi mtima wonse. Amene abwereza chimodzimodzi, kungotsitsa mawu pang'ono, wawauza kuti zaka zitatu zophunzitsana naye zidzakhala zovuta. Amene alakwitsa mizere koma wasinthadi nthawi zambiri ndi amene amaitanidwanso.

Akalowa, wophunzira amazolowera mwambo wa ndemanga. Amakhala ndi kope ndipo amalemba zonse. Sadzitchinjiriza ndi mawu akuti “ndimafuna kuchita zomwezo”, chifukwa oonera saona zomwe munthu amafuna kuchita, amaona zomwe wachita. Ngati sadamvetse amafunsa. Ngati sakugwirizana nazo amayamba wayesa, kukambirana kumabwera pambuyo. Chovuta n'chakuti ndemanga zimachokera mbali zambiri. Mphunzitsi wa mawu akuti nsagwada zauma, wa kayendedwe ka thupi akuti mawondo akungika ndipo mapewa akwera, wa sewero akuti aleke kudziganizira n'kuyang'ana mnzake. Kuziphatikiza zonsezi popanda kuoneka ngati munthu amene akuwerenga mndandanda m'mutu kumatenga miyezi.

Ndemanga yabwino nayo ili ndi maonekedwe ake. Kuuza munthu kuti “sizinandigwire mtima” sikumupatsa chochita. Kumuuza kuti “pamene unatchula Rufus unayang'ana pansi, ndipo sindinamve mawu atatu otsiriza” kumamupatsa poyambira. Aphunzitsi odziwa ntchito amapereka ndemanga imodzi kapena ziwiri pa ulendo umodzi, ngakhale aona zolakwika khumi, ndipo amakamba za ntchitoyo osati za khalidwe la munthuyo.

Nanga anzake a m'kalasi? M'magulu a zisudzo a akatswiri muli lamulo losalembedwa loti wosewera sapereka ndemanga kwa wosewera mnzake, imeneyo ndi ntchito ya wotsogolera sewero. Kusukulu lamuloli amalifewetsa, chifukwa kuonera mnzako n'kutha kunena chomwe waona ndi mbali ya maphunziro. Koma popanda dongosolo zimathera m'kuyamikirana kwa chinyengo kapena m'kubwezerana. Aphunzitsi ambiri amatsata njira yomwe Liz Lerman, katswiri wa magule wa ku America, adakonza cha m'ma 1990. Ili ndi masitepe anayi. Poyamba oonera amanena chomwe chawakhudza kapena chomwe akuchikumbukira. Kachiwiri wosewerayo ndiye amafunsa mafunso pa zomwe akukayika. Kachitatu oonera amafunsa mafunso osabisa chiweruzo m'kati: m'malo mofunsa chifukwa chomwe anakuwira chotero, amafunsa chomwe chinamutsogolera posankha kukula kwa mawu. Pomaliza, amene ali ndi maganizo amayamba wapempha, kunena kuti ali ndi ganizo pa zakutizakuti, ndipo wosewerayo ali ndi ufulu wovomera kapena kukana kulimva.

Pamene ndemanga zimapweteka

Dongosolo lotereli lidabwera chifukwa mbiri ya sukulu za zisudzo ili ndi mabala. Woimba gitala akadzudzulidwa, chodzudzulidwacho chili m'manja mwake. Wosewera chida chake ndi thupi lake, mawu ake ndi zomwe adakumana nazo m'moyo, choncho mpata pakati pa “ntchito yako sinafike” ndi “iweyo sunafike” ndi wochepa kwambiri.

Ku America, Lee Strasberg, amene adatsogolera Actors Studio kuyambira mu 1951, ankalimbikitsa ophunzira kukumba zowawa za m'moyo wawo kuti apeze misozi yeniyeni. Stella Adler, amene adakaphunzira kwa Stanislavski mwini ku Paris mu 1934, adabwerako akutsutsa njira imeneyi, akunena kuti wosewera adalire luso loganiza ndi zomwe zili m'sewero. Mkanganowo sudathe mpaka onse awiri adamwalira. M'manja mwa aphunzitsi osasamala, njira yokumba zowawa idasanduka chizolowezi chomuswa wophunzira pamaso pa anzake poganiza kuti akamangidwanso adzakhala wolimba. Drama Centre London, yomwe idayamba mu 1963 ndipo idaphunzitsa Colin Firth, Michael Fassbender ndi Tom Hardy, idatchuka ndi kuuma kwa maphunziro ake mpaka anthu ankaitcha Trauma Centre. Ku Juilliard kudali mwambo wochotsa ena mwa ophunzira pakutha pa chaka chachiwiri, ndipo aliyense ankalandira ndemanga ali ndi mantha oti mwina ndi chenjezo. Mwambowo adausiya.

Palinso funso la amene akuyeza ndi muyeso womwe akugwiritsa ntchito. Viola Davis, amene adamaliza ku Juilliard mu 1993 ndipo adapata mphotho ya Oscar mu 2017 chifukwa cha filimu ya Fences, adafotokoza m'buku la moyo wake, Finding Me, la mu 2022, kuti maphunzirowo ankamuumba kuti afanane ndi wosewera wachizungu, ndipo ulendo womwe adapita ku Gambia ali wophunzira ndi umene udamuthandiza kudzipezanso. Ku Britain, kwa zaka zambiri ophunzira ankawongoledwa lilime kuti onse aziyankhula Chingerezi cha anthu apamwamba. Mu 2020, ophunzira akuda atadandaula poyera, RADA idavomereza kuti m'kayendetsedwe kake mudali tsankho ndipo idalonjeza kusintha. Lero sukulu zambiri zimalola kuti chigawo chamakono chichokere kwa mlembi wa dziko lililonse, ndipo zimaphunzitsa katchulidwe kena monga luso lowonjezera, osati monga mankhwala a kayankhulidwe kobadwa nako.

Johannesburg ndi Zomba

Kumwera kwa Africa kuno monologue ili ndi mbiri yakeyake. Sewero la Sizwe Banzi Is Dead, lomwe Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona adapanga mu 1972, limayamba ndi chigawo chachitali pomwe wojambula zithunzi dzina lake Styles akuwerenga nyuzipepala n'kumacheza ndi oonera za masiku omwe ankagwira ntchito pa fakitale ya Ford. Kani ndi Ntshona adalandira mphotho ya Tony mu 1975. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Kani ndi Barney Simon adatsegula Market Theatre Laboratory ku Johannesburg kuti achinyamata a m'makomboni, amene tsankho lidawatsekera makomo a sukulu zina, apeze pophunzirira. Simon ankakonda kutuma osewera m'misewu kukamvetsera momwe anthu enieni amayankhulira, n'kubwera nazo kudzaziumba kukhala sewero.

Ku Malawi, ambiri amene adakwerapo siteji adayambira pa mipikisano ya zisudzo za m'sukulu za sekondale yomwe bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM lidayambitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Du Chisiza Jr adatchukira komweko mu 1982 ndi sewero lake The Deceased's Attack, kenaka adakaphunzira za zisudzo ku Philadelphia, n'kubwerako kudzayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987. Ku Zomba, Chancellor College idali ndi gulu la Travelling Theatre kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr adasula ambiri. Ndemanga si zachilendo kwa aliyense amene adadutsa m'mipikisano imeneyi, popeza oweruza amaimirira pamapeto n'kunena zomwe aona. Kusiyana kwake n'kwakuti ndemanga ya woweruza imabwera ntchito itatha, ndipo gulu lomwe lagonja limakwera galimoto kubwerera kusukulu lilibe mpata woyesanso. M'kalasi la zisudzo ndemanga imatsatidwa ndi kubwereza pompopompo, ndipo imeneyi ndi mbali yomwe mphunzitsi aliyense wa kalabu ya zisudzo angathe kubwereka popanda kuwononga tambala.

Tikabwerera kunja kuja, m'chaka chomaliza cha maphunziro sukulu za ku London ndi New York zimakonza tsiku loitana ma agent, anthu amene amapezera osewera ntchito, pamodzi ndi osankha osewera a makampani a mafilimu ndi wailesi za kanema. Wophunzira aliyense amapatsidwa mphindi zochepa, kawirikawiri chigawo cha yekha kapena cha awiri, ndipo ena amatuluka atapeza wowaimira pomwe ena amatuluka chimanjamanja. Kuchokera pamenepo ndemanga zimasowa. Masiku ano ntchito zambiri amafunsira podzijambula pafoni, kumbuyo kuli khoma loyera, mnzake akuwerenga mizere ina kuseri kwa kamera, ndipo akatumiza kawirikawiri samva chilichonse. Mafunso aja, ndani, ali pati, ukufuna chiyani, amayenera kudzifunsa yekha.

Kudzijambula komweku kwasinthanso khomo lolowera. Kuyambira nthawi ya Covid-19 mu 2020, sukulu zambiri zimalandira ulendo woyamba wa mayeso pa kanema wotumiza pa intaneti, moti wachinyamata wa ku Lilongwe, Chipata kapena Tete akhoza kuonedwa ndi aphunzitsi a ku London asanagule tikiti ya ndege. Maulendo otsiriza nthawi zambiri amafuna kuti munthu afike, ndipo fizi ya ophunzira ochokera kunja ndi yokwera kwambiri. Sukulu ya zisudzo ya ku Yale, komwe Lupita Nyong'o wa ku Kenya adamaliza mu 2012, idasiya kulipiritsa fizi mu 2021 David Geffen atapereka madola 150 miliyoni, koma nayonso imatenga osewera ochepa kwambiri pachaka, ndipo imawasankha powamvetsera akuyankhula okha.